Mafumu osafunsa munthu aja anathera pa katapila

Tili ku sekondale nkhani ya kugwa kwa mfumu ya ku France, Louis XVI, ankatiphunzitsa ngati kuti kunangobwera anthu ophunzira, a Voltaire ndi a Rousseau, n'kulemba mabuku, anthu n'kuwerenga, maso n'kutseguka, basi mfumu n'kudulidwa khosi. Tinaloweza choncho, mayeso tinakhoza, nkhani n'kuthera pompo. Koma pano ndikamaiwerenganso mbiri ya mafumu a ku Ulaya aja ankati mpando anawapatsa ndi Mulungu ndipo pansi pano palibe wowafunsa, ndimaona kuti chinawakweza ndi mantha a anthu otopa ndi kuphana, ndipo chinawatsitsa ndi ngongole, ngongole yeniyeni yachiwongoladzanja imene mfumu yosafunsa munthu imavutika nayo kuposa mfumu yomangidwa manja. Mabuku anathandiza, sindikukana ayi, kungoti msonkhano wa dziko lonse wa 1789 uja, umene unayambitsa kugwa kwa mfumuyo, sanauitanitse ndi mabuku. Mfumu inauitana chifukwa thumba linali litauma.

Ambiri amaganiza kuti mafumu a ku Ulaya anali ndi mphamvu zonse chiyambire kalekale, pamene zoona zake n'zoti mfumu ya ku France ya m'zaka za m'ma 1500 inkakhala pakati pa mabwana amene aliyense anali ndi malo ake, malinga ake ndi asilikali ake, ena mwa iwo achibale a mfumu yomweyo, nde akakwiya ankangosonkhanitsa anyamata awo basi nkhondo yayamba. Kuyambira 1562 mpakana 1598 Akatolika ndi Apulotesitanti a ku France anaphana mobwerezabwereza, mu 1572 mokha anthu masauzande anaphedwa ku Paris ndi m'matauni ena pa chipwirikiti chija chinayamba tsiku la Bartholomew woyera. Mfumu Henri III anaibaya ndi mpeni mu 1589, amene anailowa m'malo, Henri IV, naye anamubaya mu 1610 ali m'ngolo yake mumsewu wa mu Paris. Mafumu awiri otsatizana, onse mpeni. Tsono munthu wobadwira m'zimenezi ukamuuza kuti bola pakhale mutu umodzi woti ukalamula aliyense akhale chete, sangakutsutse, akuombera m'manja. Katswiri wa malamulo wa ku France Jean Bodin analemba zimenezi mu 1576 nkhondo ili mkati, kuti ulamuliro wa dziko sugawika, ndipo ku England Thomas Hobbes anadzanena zofananirapo mu 1651 atangoona kwawo nako anthu akuphana. Anthu amenewa sanali opusa olo okonda ukapolo, anali ataona mitembo m'misewu.

Amene anayamba kumanga chinthuchi ndi manja ndi Richelieu, kadinala wa mpingo koma nduna yaikulu ya Louis XIII kuyambira 1624 mpaka 1642. Mzinda wa La Rochelle umene unali linga la Apulotesitanti anauzinga chaka chathunthu ndi miyezi mpaka anthu ambiri m'katimo anafa ndi njala, malinga a mabwana a m'kati mwa dziko analamula kuti agwetsedwe, ndipo m'zigawo anatumizamo anthu a mfumu otchedwa ma intendant oti aziyang'anira misonkho ndi milandu, anthu oti mfumu ikafuna iwachotsa mawa lomwe. Msonkhano waukulu wa dziko lonse, Estates-General, umene unkabweretsa pamodzi atsogoleri a mpingo, mabwana ndi anthu wamba, unakumana mu 1614 ndipo sunaitanidwenso kwa zaka 175. Gwirani chaka chimenecho, tibwererako.

Louis XIV uja aliyense amamudziwa anakhala mfumu mu 1643 ali ndi zaka zinayi zokha. Ali ndi zaka pafupifupi khumi kunabuka zipolowe zotchedwa Fronde, oweruza a ku Paris ndi mabwana kuukira boma chifukwa cha misonkho ya nkhondo, mpaka mu January 1649 mayi ake anachita kumuzembetsa usiku kuchoka naye mu Paris kukabisala ku Saint-Germain. Mwana ukamuthamangitsa m'nyumba ya bambo ake usiku saiwala. Nduna yaikulu Mazarin itamwalira mu 1661, Louis ali ndi zaka 22 anauza aliyense kuti sipakhalanso nduna yaikulu, azilamula yekha, ndipo chaka chomwecho anaonetsa kuti sakuseka. Nduna ya zachuma Nicolas Fouquet inamuitanira ku phwando kunyumba yake yatsopano ya Vaux-le-Vicomte, mapwevupwevu osasimbika, nyumba yokongola kuposa za mfumu, patangotha milungu itatu munthu anamuthira unyolo ndipo anakafera kundende mu 1680. Choseketsa n'choti akatswiri omwe anamanga ndi kukongoletsa nyumba ya Fouquet ija mfumu inawatenga omwewo kuti akamange Versailles.

Nde Versailles imeneyi anthu amangoiona ngati kunyada kwa munthu mmodzi, ine ndimaiona ngati khola. Kuyambira 1682 boma lonse linasamukira kumeneko, ndipo bwana aliyense wofuna udindo, penshoni, ukwati wabwino wa mwana wake kapena kuti mlandu wake umveke ankayenera kuoneka pamaso pa mfumu tsiku ndi tsiku. Zidzukulu za anthu amene kale ankatsogolera asilikali kuukira mfumu zinayamba kulimbirana kuti ndani apatsire mfumu malaya m'mawa, ndani agwire kandulo ikamakagona. Zovala zodula, njuga, antchito, ngolo, zonsezi zinkawadyera ndalama mpaka ngongole, nde munthu wangongole amene akudikira mphatso ya mfumu saukira. Pulani yake inali yanzeru, tisanamizane. Bishopu Bossuet naye anali pambali kuphunzitsa kuti mfumu ndi nduna ya Mulungu, woitsutsa akutsutsa Mulungu. Paja mawu aja amati Louis ananena, oti boma ndine, akatswiri a mbiri ambiri amati sanawanene, anangomuika m'kamwa pambuyo pake.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi anga aja. Mphamvu zonse zimene tikunenazi zinali za pa pepala ndi za pa mwambo, m'thumba zinalibemo. Msonkho waukulu wa dziko, taille, mabwana sankalipira, mpingo sunkalipira, unkangopereka mphatso imene unagwirizana wokha, matauni ena ndi zigawo zina zinali ndi madilu awoawo akalekale, nde katundu yense ankagwera mlimi wa kumudzi, yemweyo amene ankalipiranso msonkho wa mchere wotchedwa gabelle. Mtendere wa Louis ndi mabwana unagona pamenepo, iwo asiye kuukira, iye asakhudze matumba awo. Ndi dilu, ndipo mfumu imene ili pa dilu sitinganene kuti ikuchita zofuna zake zokha.

China, boma linkagulitsa maudindo ngati tomato pamsika. Ukufuna kukhala woweruza, gula. Ukufuna kukhala woyang'anira zakutizakuti pa msika wa m'tauni, gula, ndipo kuyambira 1604 ukamalipira kandalama kena pachaka kotchedwa paulette udindowo unkatha kusiyira mwana wako ngati munda. Ndalama zikashota boma linkangopeka maudindo atsopano n'kugulitsa. Zotsatira zake mfumu ya mphamvu zonse ija sinkatha kuchotsa oweruza ake omwe, chifukwa kuti uwachotse uyenera kuwabwezera ndalama zawo, ndalama zake uzitenga kuti? Misonkho ya pa katundu nayo sinkatoleredwa ndi boma, kunali kagulu ka anthu olemera kamene kankapatsiratu mfumu ndalama kenako iwo n'kumakatolera okha kwa anthu ndi phindu pamwamba. Kwathu kuno munthu wotere dzina lake timalidziwa, ndi wakatapila, kusiyana kwake n'koti awa ankavala mawigi.

Ndalama zonsezi zinkapita kunkhondo, Versailles inadya zochepa poyerekeza. Louis anakuza gulu lankhondo mpaka kupitirira 300,000, anamenyana ndi Spain, ndi Adatchi, kenako pafupifupi Ulaya yense kuyambira 1688 mpaka 1697, kupuma pang'ono n'kuyambiranso 1701 mpaka 1714 polimbirana mpando wa ku Spain. Mu 1689 zinafika poti mipando ndi matebulo a siliva a ku Versailles anawasungunula kuti apange ndalama. Njala ya 1693 ndi 1694 inapha anthu oposa miliyoni imodzi, chisanu cha 1709 chinadzamalizitsa. Pakati pa zonsezi mu 1685 anafafaniza lamulo la Nantes limene agogo ake Henri IV anapereka mu 1598 lolola Apulotesitanti kupemphera, anthu pafupifupi 200,000 anathawa, ambiri amisiri, oluka nsalu, amalonda ndi asilikali, kukalemeretsa London, Amsterdam ndi Berlin, ena mpaka anafika ku Cape ku South Africa. Palibe nduna imene inamuletsa, chifukwa panalibe malo oti munthu aimirire n'kunena kuti bwana apa mwalakwa. Mutu umodzi susenza denga, koma mutu uwu unali utauza aliyense kuti denga ndi lake. Atamwalira mu 1715 atakhala pampando zaka 72, anasiya dziko lomira m'ngongole.

Tsono tiolokere ku England, chifukwa ndi kumene mfundo yanga yagona. Charles I naye ankakhulupirira zomwezo, kuti mfumu imayankha kwa Mulungu yekha. Mu 1629 anatseka nyumba ya malamulo n'kulamula yekha zaka 11, ndalama akuzipeza m'njira zokhotakhota, monga msonkho wa sitima zapamadzi umene kale unkaperekedwa ndi matauni a m'mbali mwa nyanja nthawi ya nkhondo koma iye anaufalitsa dziko lonse nthawi yamtendere. Zinkayenda ndithu, bola pasakhale nkhondo. Atangoputa anthu a ku Scotland ndi buku lake latsopano la mapemphero, nkhondo inabuka, ndalama zolipira asilikali panalibe, mu 1640 anaitana yekha aphungu omwe anawathamangitsa aja. Aphungu anati ndalama tikupatsani koma tiyambe takambirana madandaulo athu, mkangano unakula mpaka nkhondo yapachiweniweni, ndipo pa 30 January 1649 anamudula mutu ku Whitehall mu London anthu akuonerera. Onani, mwezi womwewo umene kamwana kaja, Louis XIV, kankathawa mu Paris. Wina anaphunzirapo kuti anthu usawapatse mpata, England inaphunzirapo zina.

Sikuti England inakhazikika nthawi yomweyo ayi, ufumu unabwerera mu 1660, Charles II naye mu 1672 anaimitsa kubweza ngongole za boma anthu ena osunga ndalama n'kugwa nazo. Koma James II atathawa mu 1688, William ndi Mary anapatsidwa mpando ndi malamulo ake, mu 1689 zinalembedwa kuti mfumu singatolere msonkho kapena kusunga gulu lankhondo nthawi yamtendere popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Ukaziona mwachangu uganiza kuti mfumu ya ku England yafooka. Koma mu 1694 anthu amalonda anabwereketsa boma mapaundi 1.2 miliyoni n'kukhazikitsa Bank of England, ndipo ndalamazo zinasonkheka m'masiku ochepa chabe, chifukwa wobwereketsa ankadziwa kuti amene walonjeza kubweza ndi nyumba ya malamulo imene ili ndi mphamvu yotolera msonkho, ndipo m'nyumbamo mwakhala anthu ofanana naye amene nawo ali ndi ndalama zawo mmenemo. Amene munakhalapo mu banki nkhonde mukudziwa, munthu amene gulu lingamugwire akalephera kubweza ndi amene amapatsidwa ngongole mosavuta, koma uja woti palibe angamukhudze aliyense amamuopa, ukamukongoza umaikapo chiwongoladzanja chokwera chifukwa ukudziwa kuti tsiku lina adzangoti sindibweza, upita kuti?

Ndipo mafumu osafunsa munthu ankachitadi zimenezo. Philip II wa ku Spain, ndi siliva yense wa ku migodi ya Potosí ku South America amene ankabwera pa sitima chaka ndi chaka, anaimitsa kubweza ngongole kanayi, 1557, 1560, 1575 ndi 1596. France inachita zake kangapo, pulani ya John Law ya ndalama zamapepala inaphulika mu 1720 anthu n'kutaya chuma, boma linadzaimitsanso malipiro mu 1759 n'kudula ngongole mwankhanza mu 1770. Nde m'zaka zonse za m'ma 1700 Britain, dziko la anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi France, linkabwereka motchipa, anthu ake ankalipira msonkho wochuluka pa mutu umodzi kuposa Afalansa koma osaukira chifukwa msonkhowo unkavomerezedwa ndi aphungu, ndipo pa nkhondo ya 1756 mpaka 1763 linalanda France malo ake ku Canada n'kuithyola msana ku India. Mfumu yomangidwa manja inamenya mfumu yomasuka.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga Poland? Eetu, funso labwino. Ku Poland mabwana anamanga mfumu manja ndi miyendo yomwe, phungu mmodzi yekha ankatha kuimirira n'kukana msonkhano wonse n'kutha, boma linalibe msonkho olo asilikali okwanira, mapeto ake Russia, Prussia ndi Austria, onse atatu maufumu a nkhonya, anagawana dzikolo mu 1772, 1793 ndi 1795 mpaka linasowa pa mapu. Izi ndikuvomera, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti kufooketsa mfumu pakokha ndi mankhwala. Ku England nyumba ya malamulo inamanga mfumu koma inatsegula thumba, ku Poland anamanga mfumu n'kumanganso thumba. Prussia nayo wina aitchula, kuti ufumu wa nkhonya unayenda bwino, koma taonani mmene mfumu yake Frederick William I ankaumira, munthu wosafuna ngongole, wowerengera khobidi lililonse, anasiyira mwana wake ndalama mosungira ndi gulu lankhondo la anthu pafupifupi 80,000. Zinayenda chifukwa cha khalidwe la munthu mmodziyo ndi mwana wake, ndipo dongosolo lodalira kuti mwana wobadwa m'nyumba ina akhale wanzeru ndi njuga basi. Sweden inayesa, Charles XI anatenga mphamvu zonse mu 1680 n'kukonza chuma, mwana wake Charles XII anazimwaza kunkhondo, anagonja kwa a Russia ku Poltava mu 1709, atangoomberedwa mu 1718 anthu a ku Sweden anati zatikwana n'kubwezera mphamvu ku msonkhano wa dziko. Denmark yokha ndi imene inachita kulemba ufumu wa mphamvu zonse m'lamulo mu 1665 ndipo unakhala mpaka 1848, Russia ndiye inakoka mpaka zaka za m'ma 1900, nde sindinganame kuti onse anagwa tsiku limodzi kapena njira imodzi.

Koma France ndiye anali tambala wa onsewa, amene mafumu ena ankatengera mamangidwe, mavalidwe ndi chilankhulo chomwe, nde mmene inagwera ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Nduna zanzeru zinalipo. Louis XV mu 1771 anathetsa makhoti akuluakulu aja otchedwa parlement amene ankakana kulembetsa malamulo a misonkho, mdzukulu wake Louis XVI atangolowa mu 1774 anawabwezeretsa kuti anthu amukonde. Nduna ya zachuma Turgot anayesa kuthetsa thangata ya kukonza misewu kuti m'malo mwake eni malo onse azilipira msonkho, mabwana analira, mu 1776 munthu anachotsedwa ntchito. Kenako France inalowa nkhondo yothandiza anthu a ku America kuchotsa ulamuliro wa Britain, ndipo woyang'anira zachuma Jacques Necker ankailipira nkhondoyo ndi ngongole osakweza msonkho mpaka pamene anachoka pa udindo mu 1781, anthu n'kumamutama kuti ndi dolo. Britain inaluza nkhondoyo, ngongole yake inali yaikulu zedi, koma inapitiriza kubweza bwinobwino. France inawina, ndipo pofika 1788 pafupifupi theka la ndalama zimene boma linkagwiritsa ntchito linkangopita kwa obwereketsa.

Mu August 1786 nduna ya zachuma Calonne inauza mfumu poyera kuti sizingapitirire chonchi, pakufunika msonkho wa malo woti aliyense alipire, bwana, bishopu ndi mlimi yemwe. Apa ndiye panaonekera kuti mphamvu zonse zija zinali chiyani. Mfumu ya Mulungu, yosayankha kwa munthu, sinathe kungosaina. Inaitana anthu otchuka 144 amene inasankha yokha mu February 1787 kuti avomereze, iwo anati tione kaye mabuku a ndalama, Calonne n'kuchotsedwa. Khoti la ku Paris nalo linati msonkho watsopano angavomereze ndi Estates-General yokha, ija inakumana komaliza mu 1614. Taonani amene anayamba kukankha mpando, sanali alimi olo anthu a m'misewu, anali mabwana ndi oweruza omwe aja anagula maudindo, ana a dilu ya Louis XIV. Mu July 1788 matalala anaononga mbewu m'madera ambiri, buledi anayamba kukwera mtengo, mu August mosungira chuma cha boma munatheratu n'kuimitsa malipiro ena, obwereketsa anatseka manja, ndipo mfumu inalengeza kuti msonkhano uja uchitika.

Apa ndi pamene mabuku aja analowera, ndipo ndiwapatse ulemu wawo. Anthu atasonkhana anali ndi mawu okonzeka kale m'mutu, oti dziko ndi anthu ake, oti ufulu, oti lamulo lalikulu lolembedwa, nde msonkhano umene unaitanidwa kudzakamba za msonkho m'milungu isanu ndi umodzi unali utadzitcha nyumba ya malamulo ya dziko lonse, pa 14 July ndende ya mfumu ya Bastille mu Paris inagwa, mu October azimayi a ku Paris anayenda wapansi mpaka ku Versailles kukatenga mfumu, ndipo pa 21 January 1793 Louis XVI anadulidwa mutu. Popanda maganizo amenewo mwina akanangogwirizana za msonkho n'kubalalika. Koma maganizowo anali alipo kwa zaka makumi angapo, akuwerengedwa m'nyumba za mabwana omwewo, ena akuseka nawo pa chakudya chamadzulo, mpando osagwedezeka, mpakana tsiku limene wakatapila anakana.

Tsiku lotsegulira msonkhanowo, pa 5 May 1789 ku Versailles, aphungu oposa chikwi anakhala pansi kudikira kumva za tsogolo la dziko lawo. Mfumu inalankhula mwachidule. Kenako anaimirira Necker, amene anali atamubwezera pa udindo kuti obwereketsa akhazike mtima pansi, n'kuyamba kuwerenga manambala, zolowa, zotuluka, kuti bajeti yashota ndi ma livre (ndalama ya ku France nthawi imeneyo) 56 miliyoni, mawu anamuthera pakhosi mpaka anapatsira munthu wina kuti apitirize kuwerenga, ndipo zinatenga maola atatu.